Chilungulira cha Alamu Anga

Chaka chimene ndinamaliza setima kalasi, kalasi yachisanu ndi chiwiri, ku Lichinga, tchuthi changa chinatalika kuposa mmene anatiuzira kusukulu. Msewu wotsika phiri kupita ku Metangula unkayendedwa ndi koluna yokha, galimoto zondondozana zoperekezedwa ndi asilikali, ndipo koluna inalibe tsiku lake. Ndinatsika nayo bwinobwino kubwera kwathu, kufupi ndi Msumba, koma yobwerera inangokhala mphekesera. Ndinakhala pakhomo miyezi inayi. Ndinali ndi kope, imene tinkati kaderno, imodzi ya masamu yotsala masamba, ndipo ndinkalembamo zochitika za tsiku lililonse. Kaderno ija ndikadali nayo. Ndikamaiwerenga lero ndimadabwa kuti za nkhondo ndinalembamo zochepa kwambiri. Masamba ambiri ndi a alamu anga ndi chilungulira chawo.

Alamu anali mkazi wa achimwene anga aakulu, amene nthawi imeneyo anali ku usilikali kutali. Kwawo kwa alamu kunali kumtunda, cha ku Maniamba, kwa anthu olima chimanga. Midzi ya kumeneko itayamba kuvuta, makolo awo anathawira kwina, iwo n'kutsikira kwathu ndi kamtolo ka zovala, ali ndi pathupi. Ankandiposa ndi zaka zinayi zokha, ndipo tinkagona chipinda chimodzi. Iwo ankanditcha dotora, ndiko kuti dokotala, chifukwa cha mabuku, ine n'kumawatcha a kumapiri chifukwa ankaopa bwato ngakhale lili pamchenga. Atafika kumene anali munthu wanthabwala. Ankatsanzira mmene ife a kunyanja timayendera, ngati tikuponda mchenga wotentha, ndipo ngakhale amayi ankaseka chobisa nkhope.

Pakhomo pathu masiku amenewo tinkadya kwenikweni kamodzi, dzuwa litapendeka. Mchere unkasowa, sopo ankasowa, minda ya kuphiri tinaisiya, koma chinangwa cha m'mbali mwa nyanja ndi usipa zinalipo, ndipo sitinagonepo ndi njala. Atate ankadyera pansi pa mtengo wa mango, ife akazi kuseri kwa khitchini. Alamu, monga mtengwa, ankayamba aperekera ena madzi ndi mbale, kenako n'kudya pomalizira, mothamanga, atawerama, kuti akatsuke miphika kusanade. Kondowole sanamuzolowere. Ankati amakhala m'mimba ngati mwala wa pamoto.

Pathupi patafika miyezi isanu ndi umodzi, chilungulira chinayamba. Ankati moto umayambira pamtima n'kukwera mpaka kukhosi, m'kamwa n'kudzaza madzi owawasa. Akangodya ankakhala chogwira pachifuwa, akugeya, akulavula m'kachitini. Amayi a m'mudzi ankangoseka n'kunena kuti mwanayo akumera tsitsi lambiri, apirire. Wina anawabweretsera dothi la pachulu lowotcha kuti azinyambita. Alamu anapeza njira yawoyawo: anachepetsa kudya. Mbamu zisanu zinakhala zitatu, zitatu zinakhala imodzi. M'kaderno ndinalemba kuti: "Lero alamu angonyambita msuzi. Mafupa a m'khosi akuoneka. Mimba ikukula koma mwini wake akuchepa." Nthabwala zija zinatha. Zimene zinkandiopsa ndi zakuti tsiku lochira likubwera, ndipo munthu wosadya angalipeze ndi mphamvu ziti.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa ndi mtima wonse. Kusukulu profesora, mphunzitsi wathu, anali atationetsa kuti chinthu chowawasa, chimene ankati asidi, chimatha mphamvu chikasakanizidwa ndi madzi a phulusa. Anathira madzi a ndimu m'kapu, n'kuthiramo madzi a phulusa, ife tonse n'kuona. Tsono ine ndinaganiza kuti ngati chikuwotcha alamu ndi asidi wa m'mimba, mankhwala ake ali m'khitchini mwathu momwemo. Amayi ankasunga chidulo, madzi osefedwa m'phulusa la makoko a nthochi, chophikira therere ndi kufewetsera chigwada. Ndinawafotokozera alamu zonsezi mwaulemu wa kusukulu, ndikujambula pansi ndi kamtengo. Anandimvera chifukwa ndinali wophunzira. Ndinawathirira theka la kapu.

Tsiku loyamba anati moto wazima. Ndinalemba m'kaderno ndi zilembo zikuluzikulu kuti sukulu ndi yabwino. Tsiku lachiwiri anamwa kawiri. Lachitatu mawu anasasa, kummero kunayamba kupweteka akamameza, ndipo anasanza. Lachinayi anakana ngakhale phala.

Amayi anazindikira poona botolo la chidulo litatsika pamene therere sitinaphike. Anandifunsa, ine n'kuulula. Sanandikalipire kwambiri. Anangoti chidulo chimafewetsa masamba ouma mpaka kusungunuka, nanga ndinkaganiza kuti kummero kwa munthu n'kolimba kuposa chigwada? Kenako anati mawa m'mamawa ndiperekeze alamu ku poshito, kachipatala kathu kakang'ono, ndipo ndikanene ndekha zimene ndachita.

Tinayenda njira ya m'mbali mwa nyanja, tikupuma pamithunzi. Ku poshito kunali a namwino amodzi okha, amene tinkawatcha a enfermera, mayi wamfupi wovala nsapato za mphira, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chipwitikizi. Sanathamangire za chilungulira. Anayamba ayang'ana m'maso mwa alamu, n'kudinikiza chala pamwendo kuti aone ngati patsala chibowo, n'kuwamanga lamba pamkono kuyeza kuthamanga kwa magazi. Anafunsa ngati mutu ukupweteka, ngati m'maso mukuchita nyenyezi, ngati nkhope ndi manja zimatupa, ngati kupwetekako kuli pansi pa nthiti za kumanja. Anatiuza chifukwa chake: pali kupweteka kwina kumene amayi amangoti ndi chilungulira pamene ndi magazi akuthamanga kwambiri, ndipo kumeneko sadikira nako mawa. Alamu analibe zimenezo. Koma atawakweza pasikelo, a enfermera anayang'ana khadi, n'kuyang'ananso sikelo, n'kugwedeza mutu. Mayi woyembekezera amayenera kumakwera, alamu anali atatsika.

Atafunsa zimene amwa, alamu anati palibe. Ankandibisa. Ine ndinaimirira ngati m'kalasi n'kufotokoza zonse, za asidi, za ndimu, za profesora. A enfermera anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Profesora wako sanakunamize," anatero. "Koma iye anakuonetsani m'kapu. Kapu siipsa kummero, ndipo kapu ilibe mwana m'kati."

Anati chidulo chilibe muyeso, lero chofooka, mawa chakuthwa, ndipo chimawotcha njira ya chakudya. Soda nayenso anamuletsa, kuti amatupitsa thupi la mayi woyembekezera. Dothi anati limabweretsa njoka za m'mimba ndi kuchepetsa magazi. Mapiritsi ogula kwa anthu oyenda nawo m'matumba anati asayerekeze. Anafotokoza kuti chilungulira cha pathupi si matenda oopsa: mwana akamakula amakankhira chifu m'mwamba, ndipo khomo la chifu limalobodoka, tsono zowawasa zija zimabwerera. Anatipatsa timapiritsi toyera totafuna, tochepa, tokulungidwa m'kapepala, toti amwe tsiku limene zavuta kwambiri, ndipo asamwere limodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi koma azitalikitsa nthawi. Anati timeneti n'tongothandizira. Mankhwala enieni anali ena.

Ndinatulutsa pensulo n'kulemba. Asagone atangodya, padutse nthawi yaitali. Kumutu kwa bedi kukwezedwe, ndipo azigonera kumanzere. Chitenje asamange chothina pamimba. Tsabola, zokazinga, ndimu ndi tiyi wakuda asiye. Madzi azimwa pang'onopang'ono pakati pa tsiku, osati kukhuthulira pamwamba pa chakudya. Asamawerame, akafuna chinthu pansi azinjuta. Ndipo chachikulu pa zonse, chimene a enfermera anabwereza kawiri akuloza alamu ndi chala: asadye zambiri kamodzi, koma pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Alamu anavomera mwaulemu, maso ali pansi.

Pobwerera ndinali wosangalala, ndikuwerenga mndandanda wanga mokweza. Tinayenda mpaka tinawoloka kamtsinje. Pamenepo alamu anakhala pamwala n'kundiyang'ana.

"Dotora, inu mukuona ngati n'zotheka? Ine kudya kasanu pakhomo pa apongozi? Mwamuna kulibe, khasu sindikuligwira bwino, ndinangobwera ndi mimba ndi pakamwa. Mudzi wonse udzati mtengwa wa kumapiri wabwera kudzatha chinangwa cha eni ake. Bola chilungulira."

Ndinayesa kuwauza kuti chakudya chake n'chomwecho, kungochigawa, koma anati anthu saona kukula kwa mbamu, amaona kutafuna.

Zosavuta tinazichita tsiku lomwelo. Tinatenga matabwa a bwato lakale n'kuika pansi pa miyendo ya kumutu kwa bedi. Amayi anayamba kupatula ndiwo za alamu asanathire tsabola. Kummero kunapola patapita masiku, ndipo botolo la chidulo linakwezedwa pamwamba kuti ine, osati alamu, ndisalifikire, anatero amayi. Koma za kudya pafupipafupi zinakanika. Amayi ankasiya mbatata yophika m'kambale kovundikira pakhomo pa chipinda chathu, madzulo n'kukapeza momwemo. Akawauza kuti adye, alamu ankagwada n'kuthokoza, n'kunena kuti adya posachedwa. Nthawi ya chakudya chachikulu ankaopa moto uja, n'kungodya mbamu imodzi. Zinatero masiku anayi, ndipo tsiku lachinayi anachita chizungulire ali pamtondo.

Atate ndi alamu sankalankhulana maso ndi maso. Umo ndi mmene zimakhalira pakati pa mpongozi ndi mtengwa. Akakumana panjira alamu ankapatuka n'kunjuta, atate n'kudutsa akuyang'ana kwina, moni n'kuperekedwa ngati ukupita kwa mtengo. Choncho sindinkayembekezera kuti thandizo lingachokere kumeneko. Komabe ndinapita kwa atate masana ena akusoka ukonde, n'kuwawerengera mndandanda wonse, n'kuwauzanso zimene alamu ananena pamwala paja. Anamvetsera singano ya ukonde ikuyenda. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha: kodi kuwerama nako kwaletsedwa? Ndinati inde. Anangoti chabwino, n'kupitiriza kusoka. Ndinachokapo nditakhumudwa.

Mawa lake m'mamawa atate anaima pabwalo n'kulankhula ndi amayi mokweza, mwa njira ija yoti amve ndi amene ali m'khitchini. Anati akhwangwala akutha usipa pathandala chifukwa wolondera wake amakhala maso ali m'buku. Wolondera wakeyo ndinali ine, ndipo sanali kunama kwenikweni. Anati kuyambira lero pathandala pazikhala munthu wamaso, mayi wa m'nyumba yaing'onoyo, kutanthauza alamu, ndipo wa mabukuyu atenge mtondo ndi dziwe la chinangwa kuti mikono yake idziwe kumene kondowole amachokera.

Zinandipweteka. Ntchito ya pathandala inali yopepuka, ndipo ya chinangwa ndi yonunkha: kuvuula chinangwa chovikidwa m'dziwe, kuchisenda, kuchisinja, kuchiyanika, manja n'kumanunkha mpaka kutchalitchi. M'kaderno tsiku limenelo ndinalemba mizere iwiri yokha, yodandaula. Sindinaone zimene atate anachita mpaka patapita masiku.

Thandala ndi chisanja cha bango chofika m'chiuno, choyanikapo usipa pagombe. Wolondera amafika m'mawa asodzi atatsitsa nsomba, amathandiza kufutsa, ndiko kuviika usipa m'madzi owira pang'ono, kenako amauyala, kuutembenuza ndi kuthamangitsa mbalame mpaka uume. Ntchito yonseyi ndi yoimirira. Koma palinso china chimene aliyense wobadwira kunyanja amachidziwa, chimene alamu a kumapiri sankachidziwa, ndipo ine sindinkachiganizira chifukwa ndinachizolowera: wa pathandala sawerengeredwa pakamwa. Popeza sangachoke kukadya kunyumba, amamutumizira kamba. Popeza ayenera kudziwa ngati usipa wauma, amaulawa. Ndipo amayi a mathandala oyandikana amagawana chilichonse chimene abwera nacho, kabanthu ka mbatata, nthochi, chinangwa chophika, ndipo kukana n'kunyoza. Pathandala pakamwa pamayenda tsiku lonse, popanda wonena kuti uyu ndi wosusuka.

Tsiku loyamba alamu anabwera naye kunyumba kamba wawo osamukhudza. Koma thandala loyandikana ndi lathu linali la mayi wina wamasiye, mnzawo wa amayi wa kukwaya, wa mawu omveka mpaka kumabwato. Ndikukhulupirira kuti amayi anamunong'oneza, ngakhale sanavomerepo. Tsiku lachiwiri ndikubweretsa madzi ndinamupeza akuwaphunzitsa alamu ntchito. Anawafunsa ngati usipa wa kumapetowo wauma. Alamu anaugwira n'kunena kuti ukuoneka wouma.

"Ukuoneka? Mwana wanga, kuno usipa sitiyesa ndi maso ngati chimanga cha kwanu. Ika m'kamwa. Ukaola m'dengu la apongozi ako udzati ndinauyang'ana?"

Alamu analawa kamodzi. Mayi uja anati wa pakati nawo ulawidwe, chifukwa dzuwa silimenya mofanana. Kenako anabanthula mbatata yake n'kuwapatsa, nati usipa wopanda chotsitsira umakanda pakhosi. Alamu anayang'ana uku ndi uku. Amayi onse a pagombe anali kutafuna kena kake, ndipo panalibe amene anali kuwayang'ana iwo. Anadya.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda pang'onopang'ono. M'mawa ankamwa kaphala kochepa asanatsike. Dzuwa likakwera ankalawa usipa wofutsa, wopanda mafuta, wopanda tsabola. Masana ndinkawapititsira mbatata kapena maungu ophika, kenako nthochi yakupsa. Akadya sankakhala pansi chopindika ngati kale, ankayendayenda ndi kabango akuopseza akhwangwala, msana uli chilili. Pofika nthawi ya chakudya chachikulu sankakhalanso ndi njala yolusa kapena mantha, ankadya mbamu ziwiri zitatu modekha, kenako n'kukhala pampando chowongoka akundiluka tsitsi, ine ndikutsuka miphika imene kale ankatsuka iwo.

Sindinganene kuti chilungulira chinatheratu. Chinkabwerabe, makamaka tsiku limene aiwala n'kumwa madzi ambiri pamwamba pa kondowole, kapena akawerama kutola dengu. Masiku otero ankatafuna kapiritsi koyera kamodzi, n'kudandaula kuti kakukoma ngati choko. Koma moto uja unachepa, unakhala woti munthu angakhale nawo. Kachitini kolavuliramo kanachoka pafupi ndi bedi. Nkhope inayamba kudzaza. Titabwerera ku poshito, a enfermera anawayezanso magazi ndi kuwadinikiza mwendo monga poyamba, ndipo sikelo inali itakwera. Anafunsa kuti zatheka bwanji, popeza akudziwa mmene atengwa amachitira manyazi. Alamu anayankha kuti anawapatsa ntchito yolawa nsomba. A enfermera anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti zimenezo m'buku lawo mulibe.

Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati abwino, ngakhale kuti nthawi zina tinkamva mfuti kumapiri ndipo kalata ya achimwene inabwera imodzi yokha. Ine ndinazolowera mtondo. Alamu anazolowera gombe, anadziwa mayina a nsomba, anayamba kusiyanitsa mwera ndi mpoto poyang'ana madzi, ndipo nthabwala zawo zinabwerera, tsopano akutsanzira mayi wamasiye uja pamaso pake pomwe. Bwato lokha sanalikwere.

Tsiku lina, pathupi pali pafupi miyezi isanu ndi itatu, ndinachedwa ndi kamba. Chinangwa cha tsikulo chinali chambiri ndipo mbatata inachedwa kupsa. Ndinatsika kugombe dzuwa lili pamutu, kambale kali m'manja. Atate anali pomwepo, atanjuta kuseri kwa bwato lawo akumata ming'alu, mapazi ochepa kuchokera pathandala. Alamu sanawaone. Anandiona ine ndikadali kutali pakati pa mabango, n'kuika manja m'chiuno.

"Inu a sukulu, mbatatayo mumachita kudzala kaye? Munthu ndafa ndi njala kuno."

Mawuwo anamveka gombe lonse. Amayi a mathandala anayamba kuseka, ndipo pamenepo alamu anatembenuka n'kuona mutu wa apongozi awo ukutuluka kuseri kwa bwato. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ine ndinaima, osadziwa ngati ndipitirire kapena ndibwerere. Ndinkaopa kuti manyazi aja abweranso, kuti mawa kambale kadzabwerera kunyumba kosakhudzidwa.

Atate sanayang'ane alamu. Anapitiriza kukanikiza phula m'mng'alu ndi chala chachikulu, n'kulankhula ngati akuuza bwato.

"Fulumira, mwana iwe. Anthu ali pantchito, ndipo ali awiri."

Ndinafika n'kupereka kambale. Alamu anakalandira ndi manja awiri, anatembenukira kunyanja monga mwa ulemu, n'kuyamba kusenda mbatata ali chiimire. Anadya yonse, pang'onopang'ono, apongozi awo ali pomwepo. Atatha anandibwezera kambale n'kundiuza chapansipansi kuti pobweranso ndisaiwale nthochi, ndipo ndisankhe yaikulu.